Chaka Chimene Amalume Anaboola Khoma

Rimoti ya makina amene amalume anatibweretsera inali yokulungidwa m'pulasitiki ya shuga, yomangidwa ndi mphira kumapeto, ndipo inkakhala pamwamba pa kabati pomwe dzanja langa silinkafika. Iyenera kuti inali yoyera kale, koma pofika kwathu inali itachita chikasu ngati dzino la nkhalamba. Pa kagalasi kake pankaoneka kadzuwa kakuda kokhala ndi timizere mozungulira, ngati kamene tinkajambula m'makope kusukulu. Ndinaigwira tsiku limene inafika lokha, koma mpaka lero chala changa chimakumbukira kuterera kwa pulasitikiyo.

Chinali chisanu chathu chachiwiri ku Chigumula. Ife ndife a ku Nsanje, anthu obadwira m'ng'anjo, ozolowera kugona pabwalo mpaka tambala kulira. Abambo atapeza ntchito ya ukalaliki pa sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe, tinakwera mapiri n'kudzachita lendi nyumba ya chipinda chimodzi ndi balaza, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye amene tonse tinkangowatchula kuti alandilodi. Kutentha tinkakudziwa ngati m'bale wathu, koma chiperoni chinatipeza tili manja lende. Chinkabwera mwakachetechete kuchokera mbali ya ku Thyolo, chifunga chokhala ndi kamvula kosagwa koma kongoyandama, n'kumeza mapesi m'minda, mitengo ya bulugama, ngakhale nyumba ya alandilodi imene inali pamphuno pathu. Zovala pachingwe sizinkauma. Makoma ankatuluka thukuta lozizira. M'mawa popita kusukulu ndinkabisa manja m'khwapa, mano akugundana, atsikana anzanga obadwira konko akundiseka kuti ng'ona yatuluka mu Shire.

Amayi anali oyembekezera. Ndinkamva akuluakulu akunena kuti zidzachitika nyengo yotentha ikayandikira, koma tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza chitseko chathu chokhoma, alandilodi akundidikira pakhonde ndi mbatata yootcha. Anandiuza kuti amayi apita kuchipatala, ndipo ndizigona kwawo. Amayi anakhalitsa kuchipatalako. Abambo ankachoka kusanache n'kubwera kutada, ndipo ndikawafunsa ankangoti, "Ali bwino, uzipemphera."

Tsiku limene amayi anabwerako ndinathamangira kumsewu kuti ndikaone mwana kumbuyo. Kumbuyo kunalibe kanthu. Amayi anatsika galimoto pang'onopang'ono, atavala juzi ya abambo, manja onse awiri ali pachifuwa ngati munthu wonyamula mazira. Ndinaganiza kuti mwanayo amusiya kuchipatala. Titalowa m'nyumba anakoka pang'ono khosi la juziyo kuti ndisuzumire ndili patali. Ndinaona kachipewa kaubweya, kamutu kosaposa lalanje, ndi khutu lopyapyala moti kuwala kwa pawindo kunkadutsamo. Kanthuko kankapuma mofulumira ngati mbalame yogwidwa m'manja. Ameneyo ndiye anali mng'ono wanga, wobadwa masiku asanakwane.

Anamwino anawapatsa amayi malamulo amene tonse tinawaloweza. Mwana azikhala pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku, njira imene ankaitchula kuti kangaru. Mbaula isalowe m'chipinda, chifukwa mpweya wa makala umapha mopanda phokoso. Wotsokomola aliyense asayandikire. Ine ndinali ndikutsokomola chiyambireni chisanucho, choncho mkeka wanga unachotsedwa kuchipinda n'kuyalidwa pabalaza, chitseko n'kutsekedwa. Amayi anali kuseri kwa thabwa limodzi lokha, ndinkamva ngakhale akatembenuka pabedi, koma anali kutali kuposa ku Nsanje.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito yokonza mafiriji ndi maeyakoni pa kampani ina ku Limbe. Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, wa zala zodzaza zipsera. Atabwera kudzaona mwana anasamba m'manja, analowa m'chipinda, ndipo amayi anadzandiuza pambuyo pake kuti sanayang'ane mwanayo nthawi yaitali. Anaika chikhatho pakhoma, kenako anagwira mapazi a amayi, amene anali zii ngakhale anali m'masokosi, n'kutuluka. Loweruka lotsatira anabwera pa kapikapu ka mnzawo atanyamula zinthu ziwiri: china chachitali chosalala, china chachibokosi chokhala ndi fani yaikulu kuseri kwa mawaya. Inali eyakoni yakale imene anaichotsa mu ofesi ina ikukonzedwanso. Eni ake anawapatsa poganiza kuti yatha ntchito, ndipo iwo anakhala akuitsitsimutsa pang'onopang'ono kwawo ku Nkolokosa.

Abambo anazungulira zinthuzo manja ali m'thumba.

"Alamu, chimenechi si chija chimaziziritsa m'maofesi? Kuzizira tili nako kale kuno. Mukufuna kutiwonjezera kwina?"

"Chimadziwa ntchito ziwiri ichi, alamu," anatero amalume. "Anthu amangochidziwira imodzi."

Panafunika kuboola khoma kuti mapaipi adutse, ndipo khomalo silinali lathu. Alandilodi anali mayi wosafuna ngakhale msomali pakhoma lawo. Anamvetsera amalume akufotokoza, milomo atayimanga, kenako anatembenuka n'kuyang'ana chitseko cha chipinda chija kwa kanthawi. "Boolani," anatero. "Khoma si munthu." Iwo omwewo anatenga amayi ndi mwana kukawasunga m'nyumba mwawo kuti fumbi lisawapeze.

Ndinaonerera ntchito yonseyo ndili pa mwala wochapira. Njerwa inatuluka ufa wofiira. Mapaipi awiri amkuwa, onyezimira ngati zibangili, anavekedwa zofunda zakuda zonga siponji n'kulowetsedwa pabowolo. Amalume analumikiza timapaipi tamphira tokhala ndi mawotchi awiri, n'kukhala chonjuta kuyang'ana mivi yake ngati namwino akumvetsera mtima. Atatha anasesa, anakolopa, anapukuta paliponse, ndipo amayi anabwerera pabedi pawo. Ine anandilola kuima pakhomo la chipinda nditatseka pakamwa ndi chitenje. Pamenepo ndi pamene amalume anandipatsa rimoti ija n'kundilozera podina.

Chinthucho chinalira kamodzi ngati kamwana ka nkhuku. Kenako kachitseko kake kam'munsi kanatseguka kokha, popanda munthu wokagwira, mwapang'onopang'ono ngati pakamwa pa munthu woyasamula. Ndinabwerera m'mbuyo. Kwa kanthawi sipanachitike chilichonse, ndipo abambo anayamba kuyang'ana amalume m'mbali. Ndiye unafika mpweyawo. Unayamba kundikhudza pamphumi, kenako m'mikono, wofunda, wouma, wofanana ndi umene unkatilonjera tikamatsika basi kwathu. Ndinaona mapewa a amayi, amene anali atakwera mpaka m'makutu chifikireni kuchokera kuchipatala, akutsika.

"Achimwene," anatero, "mwatibweretsera kwathu."

Lero ndikudziwa kuti zinalipo njira zina zosavuta zofunditsira chipinda. Amalume ankaopa hita wa mawaya ofiira m'chipinda chodzaza mabulangete ndi matewera, ndipo mwina anali ndi mfundo. Koma ndikuganizanso kuti munthu akaona mlongo wake pamavuto amapereka chimene manja ake amadziwa, ndipo manja a amalume ankadziwa chimenechi. Magetsi onse a m'nyumba anaperekedwa kwa makinawo. Wailesi yakanema inafunditsidwa nsalu, kuphika kunasamukira panja pambaula, ndipo malaya a abambo tinkasita ndi simbi ya makala ya alandilodi. Magetsi akazima, amayi ankawonjezera mabulangete n'kudikira, ndipo chipinda chinkasunga kufunda kwake kwa kanthawi ngati mphika wouphula kumene.

Popeza m'chipinda sindinkaloledwa, malo anga anakhala kuseri kwa nyumba, pomwe chibokosi chija chinaikidwa pa njerwa. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamenepo kumvetsera kung'ung'udza kwake. Pansi pake pankadontha madzi, tho, tho, tho, mpaka panamera kaudzu kobiriwira pakati pa bwalo louma. Chimene chinandizunguza mutu ndi mphepo imene fani yake inkatulutsa. Inali yozizira kuposa chiperoni chenichenicho, moti ukaika dzanja zala zinkachita dzanzi. Ndinawafunsa amalume kuti zimatheka bwanji chinthu chimodzi kufunditsa m'kati n'kumaziziritsa kunja.

"Chimakunkha," anatero. "Mphepo ukuiona yozizirayi ili nako kutentha pang'ono, kobisika. Makinawa amakutola ngati mmene anthu amakunkhira m'munda mokolola kale, n'kukutumiza m'paipi iyi. Tagwira apa."

Ndinagwira paipi yaikuluyo pomwe chofunda chake chinathera, ndipo ndinachotsa dzanja msanga. Inali juu. Ndinakweza maso kuyang'ana chifunga chimene chinali chitaphimba munda wa alandilodi, chifunga chomwe chija chinkandilumitsa mano m'mawa uliwonse, ndipo sindinathe kumvetsa kuti m'kati mwake munali kutentha kokwana kufunditsa amayi anga. Zaka zambiri pambuyo pake aphunzitsi a sayansi anatijambulira zimenezi pabolodi, ndi mivi yake yomwe, ndipo ndinakhoza mayeso. Koma kudabwa kwa tsiku limenelo sikunachoke. Ndikamayenda m'chiperoni ngakhale lero ndimamva ngati ndikudutsa pakati pa chinthu chosunga chinsinsi.

Loweruka lililonse masana amalume ankabwera ndi chikwama chawo cha zida. Choyamba ankazimitsa magetsi pa switchi, ndipo ankandiuza mobwerezabwereza kuti makina sagwiridwa ali maso. Ankalowa m'chipinda, n'kutsegula chivindikiro cha chija cha pakhoma, n'kutulukamo ndi masefa awiri opyapyala onga neti ya udzudzu yomangidwa m'felemu. Amenewo ankandipatsa ine. "Chimapuma ngati munthu ichi," ankatero. "Mphuno ikatsekeka chimavutika."

Ndinkawatsuka m'beseni ndi madzi ofunda pang'ono ndi kasopo, mopanda kukhula mwamphamvu, n'kuwaimika pamthunzi kuti aume, chifukwa dzuwa likanawapinda. Anthu angaganize kuti inali ntchito yotopetsa kwa mwana, koma ine ndinkaidikira sabata yonse. Pa masefawo pankakhala zonse za m'chipinda chimene ndinaletsedwa kulowamo. Pankakhala timaulusi tofiira ta chitenje cha amayi, ubweya wachikasu wa kachipewa ka mwana, tsitsi limodzilimodzi lopotana. Ndisanawaviike m'madzi ndinkayamba ndawanunkhiza. Ankanunkhira mkaka, mafuta odzola ndi thupi la amayi anga. Fumbi limenelo ndi limene linkandiuza kuti m'katimo anthu ali moyo.

Ine ndikutsuka, amalume ankakhala kunja ndi chibokosi chija. Kumbuyo kwake kunali timalata topyapyala tothithikana ngati masamba a buku, ndipo ankatipesa ndi mswachi wakale kuchokera pamwamba kutsika pansi, osati mopingasa, chifukwa tikapindika mphepo sidutsa. Ankachotsa masamba ndi maukonde a akangaude, ankaona ngati madzi akutuluka bwino pansi, ankagwedeza mapaipi kuti aone ngati palibe chamasuka. Pomaliza ankayatsa, n'kuima chete mutu ataupendeketsa. Ankati makina amayamba kudandaula kalekale asanafe, koma anthu samvetsera. Akakhutira ankasamba m'manja, ankaima pakhomo la chipinda n'kufunsa kuti, "Akuyamwa?" Amayi akati eya, ankavala chipewa n'kumapita.

Chapakati pa Julaye kampani yawo inawatuma ku Zomba, ndipo Loweruka linadutsa osabwera, lina n'kudutsanso. Masefa ankachotsa abambo, ine n'kutsuka monga mwa masiku onse, koma za kunjazo palibe anaziganizira. Inalinso nthawi imene alandilodi ankatonola chimanga chawo ndi kupeta pabwalo, ndipo mankhusu ankauluka n'kumatera pa chilichonse, m'tsitsi, m'ndowa za madzi, pa zovala zoyanika. Palibe amene anaona kumene ambiri a iwo ankathera.

M'mawa wa tsiku lina kunazizira kuposa masiku onse amene ndikuwakumbukira. Ndinadzuka n'kumva mawu a abambo m'chipinda, otsika koma ofulumira. Amayi anali atadwala. Thupi linali litatentha, akunjenjemera moti bedi linkalira, ndipo ankaopa kuti mwana awapulumuka m'manja. Pamwamba pa zimenezo, makina aja anali akutulutsa mpweya wozizira. Abambo anatuluka atavala kale malaya oyera a kuntchito ndi tayi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ine ndili pambuyo pawo.

Chibokosicho chinali chitamera ubweya. Kumbuyo kwake konse kunali mbee, koyera kuposa ufa woyera, ndipo fani inkabuula ngati ng'ombe yotopa. Madzi oundana ndinkawadziwa m'mafirizesi a pamsika okha. Sindinkadziwa kuti angathe kumera okha panja, pabwalo pathu, ndi timinga tating'onoting'ono tonyezimira tosanjikana ngati nthenga. Ndinaika chala, ndipo chinandiwotcha ngati khala la moto. Ndikuvomera kuti kwa kamphindi ndinaiwala za amayi ndi mwana. Ndinali ndisanaonepo chinthu chokongola chotero.

Abambo anatenga mpeni wa kukhitchini kuti apale ayisiyo, koma asanayambe anaimba foni kwa amalume. Mawu awo ankamveka mpaka pomwe ndinaima ine. "Musachigwire ndi mpeni, alamu, muboola paipi gasi athawa! Zimitsani pa switchi. Ndikukwera minibasi pompano." Abambo anazimitsa. Kung'ung'udza kumene tinali titakuzolowera kunaleka, ndipo bwalo lonse linangoti zii.

Abambo anga anali munthu wa dongosolo. Sanajombepo kuntchito, sanatulukepo m'nyumba malaya osasita, ndipo sindikukumbukira atandinyamulapo. Chikondi chawo chinali cha kugula nsapato ndi kuyang'ana makope. Tsiku limenelo alandilodi analowa m'chipinda, anaona mmene amayi analili, ndipo ananena kuti awaperekeza kuchipatala chaching'ono cha pafupi, koma mwana sangatuluke m'chifunga chimenecho. Kenako anatembenukira abambo. "Vulani malayawo, bambo."

Ndinaonera pawindo, nditakwera pa ndowa yovundikira. Abambo anamasula tayi, anavula malaya oyera aja n'kuwapinda bwinobwino pampando, anavulanso vesiti. Chifuwa chawo ndinali ndisanachionepo chotero, chowonda, nthiti zikuoneka. Alandilodi anachotsa mwana pachifuwa cha amayi, ali ndi thewera ndi kachipewa kokha, timiyendo totambalala ngati ta chule, n'kumugoneka pakati pa chifuwa cha abambo. Anawamanga ndi chitenje cha maluwa, mfundo kumbuyo, n'kuwafunditsa bulangete. Abambo anakhala pabedi atatsamira khoma, manja ali m'mwamba posadziwa powaika. Kenako dzanja limodzi linatsika n'kuphimba msana wonse wa mwanayo, kuyambira pakhosi mpaka pathewera.

Sanasunthe m'mawa wonsewo. Ine kusukulu sindinapite, ndipo palibe anandikumbutsa. Ndinkatsika pandowa miyendo ikatopa, n'kukweranso. Nthawi ina ndinawaona akumwetsa mwana mkaka umene amayi anafinyira m'kakapu asanachoke, dontho ndi dontho, lilime lawo lili pakati pa mano ngati mwana wophunzira kulemba. Nthawi ina ndinaona milomo yawo ikugwedera, ndipo nditaika khutu pagalasi ndinamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa kwambiri, m'Chisena, chilankhulo chimene chibwerereni ku Blantyre ankachilankhula akakwiya pokha. Amayi atabwerako ndi mankhwala anagona pambali pawo, nkhope ili pa ntchafu ya abambo, ndipo anthu atatuwo anakhala choncho pansi pa bulangete limodzi.

Amalume anafika dzuwa litapendeka, nsapato zili matope, chikwama chili paphewa. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anandituma kukafunditsa madzi pambaula, osati owira, ongoti dzanja lipirire, ndipo anawathira pang'onopang'ono ndi kapu pa ayisi amene anali asanasungunuke. Zidutswa zinkasweka n'kugwa pansi ngati mbale zadothi. Pansi pa ayisiyo panatuluka chimphasa cha mankhusu, ndevu za chimanga ndi nthenga za nkhuku, chomatirira pa timalata tija moti mphepo sikanadutsa. Anachikanganula ndi zala, kenako anayamba kupesa ndi mswachi uja, mzere ndi mzere, osafulumira.

Alandilodi anaima pambali atagwira tsaya. "Ndi chimanga changa chachita izi," anatero.

"Iyayi, mayi. Chimanga n'chakudya, chiyenera kupetedwa. Ndine ndinachisiya chokha ichi."

Atayatsa, fani inazungulira mopepuka, mawu ake akale atabwerera. Amalume anagwira paipi yaikulu ija n'kudikira, ndipo patapita nthawi anagwedeza mutu. Tinapita pakhomo la chipinda. Mpweya wofunda unali utayamba kutsika, ndipo amayi, amene thukuta linali litayamba kuwatuluka, anadzuka n'kutambasula manja kuti alandire mwana. Abambo sanamasule chitenje. "Musiyeni kaye," anatero. "Wagona."

Kuyambira pamenepo zinthu zina zinasintha mopanda wina kulengeza. Alandilodi anasamutsira kupeta kutsogolo kwa nyumba yawo. Amalume anawaphunzitsa abambo kupesa timalata tija, ndipo m'mawa uliwonse asanapite kuntchito abambo ankazungulira kuseri kukaona ngati kuli bwino, mswachi uli m'thumba la jekete pamodzi ndi cholembera. Akaweruka ankasamba, ankavula malaya, n'kulandira mwana kuti amayi awongole msana ndi kudya ndi manja awiri. Kutsokomola kwanga kunatha mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, ndipo ndinaloledwa kulowa. Chipinda chimene ndinkachilota chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkachiganizira. Ndinaika chala m'kadzanja ka mng'ono wanga, ndipo anachigwira mwamphamvu yosayenerana ndi msinkhu wake.

Nyumba imeneyo tinadzachokamo patapita zaka zingapo. Eyakoniyo amalume anaichotsa, bowolo analitseka ndi simenti monga analonjezera, ndipo sindikudziwa kumene makinawo anakathera.

Chisanu chija chinatha monga chimathera ku Blantyre, mosatsanzika. Tsiku lina tinangoona kuti majuzi akutilemera, ndipo abambo anabwera ndi nkhani yoti mitengo ya m'tauni yachita maluwa ofiirira. Ku sikelo anamwino anawauza amayi kuti mwana wakwanitsa, akhoza kumasulidwa pachifuwa. Makina anazimitsidwa, windo la chipinda linatsegulidwa. Lamlungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, kunabwera azakhali kuchokera ku Nsanje, amalume anabwera opanda chikwama chawo, ndipo alandilodi anayala mikeka pansi pa mtengo wa mapeyala. Amayi anatuluka ndi mwana m'manja n'kumugoneka pamkeka, dzuwa likumuwala m'masaya amene tsopano anali odzaza. Anatsinzina, anayetsemula, anthu onse n'kuseka.

Abambo anaimirira n'kupemphera mwachidule. Atatha anawerama, ananyamula mwanayo n'kutchula dzina lake. Azakhali analibwereza, alandilodi analibwereza, inenso ndinalibwereza, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti nyengo yonseyo mng'ono wanga analibe dzina. Tonse tinkangoti mwana, ndipo sindinaonepo chachilendo.

Inafika nthawi yoti amayi alitchule nawonso. Anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira, osati kulira kobisa ayi, koma kokweza, kochokera m'mimba, kumene ndinkakumva pamaliro pokha. Azakhali anawakumbatira. Abambo anatembenuka n'kuyang'ana kumunda, mwana ali paphewa. Amalume anadzuka mwakachetechete n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza atakhala pa mwala wochapira, chipewa chili kumaso, mapewa akugwedezeka.

"Amalume, chawonongekanso?"

"Ayi, mwana wanga. Chili bwino. Zonse zili bwino."

Ndinabwerera kumkeka mutu utaima. Chisanu chonse, ngakhale tsiku loipitsitsa lija, sindinaone msozi m'maso mwa munthu wamkulu aliyense. Tsopano mwana anali wonenepa, dzuwa likuwala, nkhuku ili pamoto, ndipo onse anali kulira. Ndinali wamng'ono kuti ndidziwe kuti dzinalo analisankha kalekale, n'kulisunga m'kamwa miyezi yonseyo poopa kuitana munthu amene mwina sadzakhalapo kuti ayankhe. Ine ndinakhala pafupi ndi amayi, ndikuwasisita pabondo, ndikudzifunsa ngati dzinalo silinawasangalatse.